Kukweza galimoto ya m'tchire osasintha matayala: chimene chimakwera ndi chimene chimatsala pansi

Eni galimoto za mtundu wa Land Cruiser, Hilux ndi Patrol m'chigawo chino cha Africa amakonda kuzikweza kuti zisamakhule pansi m'misewu yokumbika. Ambiri amaika masipuling'i aatali ndi ma shock absorber ogwirizana nawo, galimoto n'kukwera ndi mamilimita pafupifupi 50, koma matayala amasiya omwewo a ku fakitale. Njirayi ndi yabwino, bola mwini wake adziwe chimene akulipirira.

Masipuling'i amanyamula chasisi ndi thupi la galimoto. Ekiselo siinyamulidwa ndi masipuling'iwo, ndipo chimene chimaitalikitsa ndi nthaka ndi tayala basi. Choncho pa Land Cruiser 79, yomwe ili ndi ekiselo yathunthu kutsogolo ndi kumbuyo komwe, difu imatsala pomwe inali ngakhale thupi litakwera motani. M'njira zamchenga za ku Central Kalahari ku Botswana, kapena m'mikwasa imene malole amasiya m'matope nyengo ya dzinja, mumatsala kamtumbira pakati pa mizere iwiri ya matayala. Olankhula Chiafrikaans anakapatsa dzina loti middelmannetjie, kutanthauza kamunthu ka pakati. Difu imakoka kamtumbira kameneka monga kale.

Hilux ya masiku ano ndi yosiyana pang'ono. Mawilo ake akutsogolo amayenda palokhapalokha, ndipo difu yakutsogolo inamangidwa ku chasisi, motero imakwera limodzi ndi thupi. Yakumbuyo siisuntha.

Phindu lenileni lili kwina. Bampala yakutsogolo siigunda msanga pokwera gombe la mtsinje, mchira sukhula potsika, ndipo mimba ya galimoto siikhala pamwamba pa chitunda. Chachikulu kuposa zonsezi ndi katundu. Galimoto za mabungwe a zaumoyo, za m'migodi ndi za alendo okaona nyama zimasenza thanki ya mafuta yowonjezera, madzi, matayala awiri apadera ndi chitsulo cholemera kutsogolo. Masipuling'i a ku fakitale amafwamphuka ndi kulemera kumeneku, kotero kuti nthawi zambiri "kukweza" kumangobwezera galimoto pa msinkhu umene inataya.

Nanga bwanji osangogula matayala aakulu? Masamu ake ndi osavuta. Tayala la 265/65R17 ndi lalitali mamilimita 776, pamene la 265/70R17 ndi mamilimita 803. Kusiyana kwake ndi 27, koma difu imakwera ndi theka lokha, mamilimita 13 kapena 14. Pofuna kupeza zochepazi, chida chosonyeza liwiro chimayamba kunama ndi maperesenti opitirira atatu, injini imavutika ponyamuka, ndipo mafuta amatha msanga. Palinso nkhani ya kupezeka kwake. Tayala likang'ambika ku Mongu, ku Lichinga kapena ku Rumphi, la saizi wamba ndi limene munthu angayembekeze kulipeza mwachangu.

Kukweza kulinso ndi mtengo wake. Kulemera kukapita m'mwamba, galimoto imapendekeka kwambiri pokhota ndipo imagubuduzika mosavuta, makamaka ikasenza katundu padenga. Popeza matayala sanasinthe, palibe chimene chatambasula miyendo yake kuti chibwezere kukhazikika kumene kwatayika. Pa Hilux ndi zinzake, ma CV joint amayamba kugwira ntchito atapindika kwambiri, ndipo malabala ake amang'ambika msanga. N'chifukwa chake amakaniko ambiri safuna kupitirira mamilimita 50 popanda kusintha zitsulo zina. Pa galimoto za ekiselo yathunthu, chiwongolero chimatha kuyamba kuyendayenda pamsewu wa phula, ndipo mapaipi a mabuleki amakokeka wilo likalendewera m'dzenje.

Galimoto zakale zilinso ndi valavu imene imagawa mphamvu ya mabuleki akumbuyo molingana ndi kulemera kwa katundu. Thupi likakwera, valavuyi imaona ngati galimoto ilibe kanthu, n'kuchepetsa mabuleki akumbuyo ngakhale itadzaza. Iyenera kukonzedwa tsiku lomwelo, pamodzi ndi kuwongola mawilo ndi kutsitsa nyali zakutsogolo kuti zisamathobwe anzanu usiku. Kampani ya inshulansi nayonso iuzidwe mwa kalata, chifukwa kusintha kumene sinadziwitsidwe kungakhale chifukwa chokanira kulipira pakachitika ngozi.