Zigawo Ziwiri za Bongo ndi Kamvekedwe ka Mawu

Kuyambira m'chaka cha 1861, pamene Paul Broca wa ku Paris adapima bongo wa munthu amene ankangotha kunena "tan" napeza chilonda kumanzere, akatswiri akhala akunena kuti chiyankhulo chimakhala m'chigawo cha kumanzere, ndipo nyimbo kumanja. Mfundo imeneyi ndi yoona, koma yosakwanira.

M'chaka cha 1961 Doreen Kimura, ali ku Montreal, adamvetsera anthu manambala osiyana m'makutu onse awiri nthawi imodzi. Ambiri adagwira bwino zolowera khutu lamanja. Chifukwa chake ndi chakuti mitsempha yambiri ya khutu lililonse imawolokera ku chigawo cha tsidya lina. Atayesa ndi nyimbo mu 1964, khutu lamanzere ndilo lidapambana. Masiku ano ambiri amafotokoza kuti chigawo cha kumanzere chimaposa pogwira kusintha kwa msangamsanga, monga kwa malembo opanda liwu, pamene cha kumanja chimaposa posiyanitsa kukwera ndi kutsika kwa liwu.

Nanga ziyankhulo zimene tanthauzo la mawu limadalira kukwera kwa liwuko? M'Chichewa, "mtengo" wa m'thengo timaukweza pa phatikizo "te", koma "mtengo" wa katundu sitiukweza. Kodi bongo umamva kusiyana kumeneku ngati nyimbo, kapena ngati chiyankhulo?

Diana Van Lancker ndi Victoria Fromkin adayesa funsoli mu 1973 pa chiyankhulo cha ku Thailand. Eni chiyankhulocho adamva bwino ndi khutu lamanja mawu osiyana kamvekedwe kokha, koma kamvekedwe komweko atakang'ung'udza popanda mawu, khutu lamanja silidaposenso. Oyankhula Chingerezi sadaonetse kuposa kotere pa mawu aja. Tingati, tsono, bongo suyang'ana mtundu wa phokoso wokha ayi. Umayang'ananso ntchito imene phokosolo likugwira kwa womvayo.

Apa okonza kalembedwe ayenera kusamala. Malamulo athu salemba kamvekedwe, ndipo pa mayina vuto ndi lochepa, pakuti chiganizo chimaulula mtengo umene ukunenedwa. Pa aneni mpovuta. "Ndinafotokoza" wokwezedwa pa "na" amanena zakale. "Na" akatsika, kukwezako nkuyambira pa "fo", amanena zangochitika kumene. Pa pepala nthawi ziwirizi zimaoneka chimodzimodzi, ndipo mwana wophunzira kuwerenga amayenera kubwezeramo yekha chimene cholembera chidasiya.