MASAJI PA MIMBA: NI LITI, NI PATI, NANGA AGWILE NDANI?

Msana uwawa, mapazi atupa, tulo palibe. Aliyense amene anakhalapo ndi pakati adziwa. Ku Mphamba, kufupi ndi boma la Lundazi, mankhwala oyamba ni manja a apongozi kapena ambuya: madzi pa mbaula, citenge m'manja, n'kuyamba kuthowa, ena amati kucina. M'tauni manje kuli masaji a m'masaluni. Zonse zimathandiza kumasula thupi, koma mimba ili ndi malamulo ake.

Coyamba ni nthawi. Masabata 12 oyambilila, odziwa nchito ya masaji ambili amakana kukugwilani. Palibe umboni wakuti kusisita msana kumacotsa mimba, koma ni nthawi yomwe mimba zambili zimapita padela, ndiye ni bwino kuyamba mwaonana ndi anamwino kusikelo. Bungwe la WHO kuyambila 2016 limalangiza kuonana nao kasanu n'katatu mimba isanathe. Pa ulendo umodzi, funsani za masaji, osacita manyazi.

Caciwili ni kagonedwe. Mimba ikafika masabata 20, osagona cagada nthawi yaitali. Cibelekelo cimapsinja mtsempha waukulu wobweza magazi kumtima, mutha kumva cizungulile. Gonani cam'mbali, pilo pakati pa maondo. Msana, mapewa ndi khosi asisite mofewa. Pamimba osakanikiza. Zija zakuti “mwana wagona moipa, tim'tembenuze ndi manja” si za panyumba ai, ni nchito ya kucipatala.

Cacitatu ni miyendo, ndipo apa mvetsetsani. Mzimai wapakati magazi ake amaundana msanga, ndipo vutoli limakula m'masabata 6 atacila. Mwendo umodzi ukatupa, n'kumatentha, n'kumawawa kumbuyo kwa msongolo, osaukanya olo pang'ono. Magazi oundanawo atha kusuntha n'kukatseka m'mapapo, munthu n'kufa mukuona. Cimodzimodzi mutu wosamva Panado, nkhope kutupa, maso kuona mbuu, kapena kutaya magazi: siyani beseni, funani galimoto kapena njinga yamoto, ulendo ku Lundazi District Hospital kapena kiliniki ili pafupi. Mutu ndi kutupa kotelo nthawi zambili ni BP yokwela, ndipo BP siithowedwa.

Nanga mukacila? Anamwino amatikita pamimba nsengwa ikangotuluka kuti cibelekelo cilimbe, magazi aleke. Imeneyo ni nchito yao. Kunyumba, ngati munabeleka bwinobwino, kusisita msana ndi mapewa mutha kuyamba mukamva kuti thupi lalola. Madzi akhale ofunda, osati owila. Ambuya ayambe ayesa pa mkono wao. Pamene anakusokani osayikapo cotentha, osafinya. Amene munacita opaleshoni, pamimba pasafike dzanja la munthu mpaka cilonda citapola, pafupifupi masabata 6, ndipo adokotala atavomeleza. Sikelo ya masiku 6 ndi ya masabata 6 musailumphe.

Inu abambo, nkhani iyi ni yanunso. Simufunika satifiketi kuti musisite mapewa a amake mwana madzulo. Ndipo apongozi akabwela ndi madzi otentha kwambili, mpongozi wamkazi amaopa kuyankha. Ni inu mwana wao mukambe mwaulemu kuti, “Amai, tiyeni aziziletu pang'ono.”