Bokosi Lisankhidwe ndi Nyimbo: Nkhani ya Sabuwufa za M'galimoto ku Mikocheni

Mikocheni, dera la m'boma la Kinondoni mumzinda wa Dar es Salaam, ndi malo amene nyimbo za ku Tanzania zimaulutsidwirako. Kuno ndi kumene kuli wailesi ya Clouds FM, yomwe yakweza kwambiri nyimbo za Bongo Flava kuchokera kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, komanso ITV, Radio One ndi East Africa Radio. Madzulo magalimoto akathinana pa msewu wa Mwai Kibaki, womwe kale unkatchedwa Old Bagamoyo, zomwe zaulutsidwazo zimabwerera m'makutu kudzera m'mabuti a timagalimoto ta Toyota IST ndi Vitz. Timagalimoto totere ndi tomwenso Amalawi amakatenga pa doko la mzindawu, titachokera ku Japan, n'kutiyendetsa kudzera ku Mbeya mpaka pa chipata cha Songwe. Choncho funso la mwini galimoto wa ku Mikocheni ndi lomwelo la wa ku Mzuzu kapena ku Area 25: ndiike sabuwufa yotani? Ambiri amayamba ndi kufunsa mainchesi ndi mawati. Ine ndikuti ayambe ndi nyimbo zomwe amamvera tsiku ndi tsiku, chifukwa nyimbozo ndi zomwe zimanena bokosi loyenera, ndipo bokosi limasintha kamvekedwe ka besi kuposa dzina lolembedwa pa sipika.

Mawu ndi kunjenjemera kwa mpweya, ndipo amayezedwa ndi Hz, kutanthauza kuchuluka kwa kunjenjemerako pa sekondi imodzi. Khutu la wachinyamata limamva kuyambira cha pa 20 Hz mpaka 20,000 Hz, koma ntchito ya sabuwufa ndi kagawo kapansi kokha, kuyambira cha pa 80 Hz kutsika. Chingwe chonenepa cha gitala ya besi ya zingwe 4 chimalira pa 41 Hz, ndipo cha gitala ya zingwe 5 chimatsika mpaka 31 Hz. Vuto la mawu otsika chonchi ndi loti sipika ikakankha mpweya kutsogolo, kumbuyo kwake imaukoka nthawi yomweyo, ndipo ngati palibe chotchinga, mafunde awiriwo amakumana n'kufafanizana. Ndi chifukwa chake sipika yodula ikangogonekedwa m'buti popanda bokosi imagwedezeka kwambiri koma besi osamveka. Oyimba ng'oma amadziwa kuti chikopa chimodzimodzi chikakungidwa pa mitengo iwiri yosemedwa mosiyana chimalira mosiyananso, ndipo sipika ndi bokosi lake zili chimodzimodzi.

Mabokosi omwe amapezeka kwambiri ndi a mitundu iwiri. Loyamba ndi lotsekeratu, lopanda polowera kapena potulukira mpweya, lomwe Edgar Villchur wa ku America analitchukitsa kuyambira mu 1954. Mpweya wotsekeredwa m'katimo umagwira sipika kuti isapitirire muyezo ndipo umaibweza msanga pamalo pake. Besi yake ndi yomangika, imayamba ndi kuleka pa nthawi yake, ndipo mphamvu yake imachepa pang'onopang'ono mawu akamatsika. Lachiwiri ndi la bowo, lomwe Albert Thuras wa ku Bell Laboratories anapatsidwa umwini wa luso lake mu 1932. Mpweya wa m'bowo kapena m'paipi umanjenjemera pa mlingo umodzi womwe mmisiri wasankha, n'kuwonjezera mphamvu pa mlingowo, kotero kuti ndi amplifaya yomweyo bokosili limamveka kwambiri kuposa lotseka. Koma mphatsoyi ili ndi mtengo wake. Bokosi limakula, mawu a pafupi ndi mlingo wa bowolo amachedwa pang'ono kuyamba ndi kuleka, ndipo pansi pa mlingowo besi imagwa mofulumira kawiri kuposa ya bokosi lotseka, sipika n'kumangopupa popanda choigwira. Masamu olumikiza sipika ndi bokosi anakhazikitsidwa ndi Neville Thiele ku Australia mu 1961 ndipo Richard Small anawakulitsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Ndi chifukwa cha ntchito yawo kuti kampani yodalirika imalemba pa pepala la sipika kukula kwa bokosi lomwe ikufuna. Kwa sipika ya mainchesi 12, lotseka nthawi zambiri limakhala la malita a m'ma 30, pomwe la bowo limafuna malita 50 kapena kuposa. M'buti ya Vitz kusiyana kumeneku ndi kumene kumanena ngati katundu wa ku msika akwana.

Tsopano tiike nyimbo zomveka mu Dar es Salaam pa mabokosi awiriwa. Singeli, yomwe inakulira m'madera ngati Tandale ndi Manzese ndipo inamveka kunja kwa dziko pomwe Nyege Nyege Tapes ya ku Kampala inatulutsa chimbale cha Sounds of Sisso mu 2017, imathamanga pakati pa kugunda 200 ndi 300 pa mphindi. Pa liwiro lapamwambalo ng'oma imagunda kasanu pa sekondi. Sabuwufa yomwe imapitiriza kung'ung'udza ng'oma itagunda kale imalumikiza kugunda kumodzi ndi kotsatira, ndipo chomwe chimafika m'khutu ndi mkokomo umodzi wautali, pomwe kukoma kwa singeli kuli m'mipata ya pakati pa kugundako. Nyimbo za dansi za magulu ngati Msondo Ngoma ndi Mlimani Park, pamodzi ndi rumba ya ku Congo, zili ndi chosowa china chofanana nacho: woyimba besi amayenda pa zingwe, akukwera ndi kutsika, makamaka nyimbo ikafika pa gawo lovinira lotchedwa sebene, ndipo womvera amafuna kusiyanitsa noti iliyonse. Taarab nayo, kuyambira ya Siti binti Saad yemwe anajambula nyimbo zake ku Bombay mu 1928 mpaka ya makono ya makiyibodi, imatsogoza mawu a woyimba, ndipo besi ikachuluka imaphimba mawu omwe anthu akufuna kumva. Nyimbo za kwaya zilinso m'gulu lomweli. Kwa womvera zonsezi ndikulimbikitsa bokosi lotseka ndi sipika imodzi ya mainchesi 10 kapena 12, ndipo ndikutero mosakayika.

Amapiano ndi nkhani ina. Nyimbo za ku South Africa zimenezi, zomwe oyimba a Bongo Flava ngati Diamond Platnumz ndi Marioo azilowetsa m'nyimbo zawo, zimatsamira pa log drum, besi yopangidwa pa kompyuta yomwe imamenya kenako n'kukhalitsa. Hip hop ndi Bongo Flava yambiri ya masiku ano imagwiritsa ntchito besi yotchedwa 808, yomwe inatenga dzina pa makina a Roland TR-808 a mu 1980, ndipo imatha kutsika mpaka m'ma 30 Hz. Noti zazitali ndi zozama chonchi zimafuna mpweya wambiri usunthe kwa nthawi, ndipo apa bokosi la bowo limaposa linzake poyera. Koma likhale lochunidwa motsika, cha pa 32 mpaka 35 Hz, ndipo amplifaya ikhale ndi sefa ya subsonic yodula mawu a pansi pa mlingo wa bowolo kuti sipika isang'ambike. Reggae, yomwe Amalawi amaikonda kuyambira masiku a Evison Matafale ndi Black Missionaries ya ku Chileka, imakhala pakati. Besi yake ndi yolemera koma ndi ya gitala, ili ndi nyimbo yakeyake yoti itsatiridwe, choncho imamveka bwino m'bokosi lotseka lokulirapo kapena m'la bowo lochunidwa motsika.

Wina anganene kuti zonsezi ndi kuchulutsa gaga m'diwa, chifukwa sabuwufa yabwino iyenera kuyimba nyimbo iliyonse monga inajambulidwira. Mfundoyi ndi yoona pa chiyambi chake. Bokosi la bowo lowerengeredwa bwino, lalikulu mokwanira ndi lochunidwa motsika, limatha kuyimba sebene mwaukhondo ndithu. Koma mabokosi ambiri ogulitsidwa okonzeratu sanawerengeredwe sipika yomwe yaikidwamo. Amakhala aang'ono, bowo lake lalifupi, ndipo amachunidwa mokwera, cha m'ma 45 kapena 50 Hz, chifukwa pamenepo ndi pomwe amagunda pachifuwa cha wogula m'masekondi oyamba. Zotsatira zake ndi besi ya noti imodzi: kaya woyimba akwere kapena atsike, galimoto imangobangula pa mlingo womwewo. Bokosi lotseka limakhululuka. Mmisiri akaphonya kukula kwake pang'ono, kamvekedwe kamasintha pang'ononso, pomwe kuphonya kutalika kwa paipi ya bokosi la bowo kumasuntha mlingo wonse. Ndiponso galimoto yeniyeniyo ili kumbali ya bokosi lotseka. Funde la 40 Hz ndi lotalika mamita oposa 8, kuposa m'kati mwa galimoto yaing'ono, choncho mawu otsika amapanikizika m'menemo n'kukwera mphamvu, pafupifupi pa mlingo womwe bokosi lotseka limaitayira. Ziwirizi zimakwaniritsana, ndipo kabokosi komwe kamamveka kofooka pa shelefu ya m'sitolo kamatha kudzaza IST yonse. Kwa munthu amene m'mawa amamvera kwaya, masana taarab, usiku amapiano, lotseka ndi lomwe lingamulakwire pang'ono.

Palinso chikhulupiriro choti sipika yaikulu ndi yaulesi, kotero kuti nyimbo zothamanga zimafuna ya mainchesi 8. Mwina chikhulupirirochi chinabadwa chifukwa sipika za mainchesi 15 kawirikawiri zimapezeka zitapanikizidwa m'mabokosi ochepa a bowo. Kuchedwa komwe anthu amamvako kumachokera ku bokosi ndi kachunidwe. Sipika yaikulu ya maginito amphamvu, itapatsidwa malo okwanira, imatsatira singeli bwinobwino. Komanso mbali yaikulu ya kumenya kwa ng'oma komwe khutu limamva ngati changu ili pamwamba pa 80 Hz, m'masipika a m'zitseko. Amene amaika ndalama zonse m'buti n'kusiya masipika otopa omwe anabwera ndi galimoto kuchokera ku Japan amadzadandaula kuti besi yake ikutsalira m'mbuyo, pomwe cholakwika chili kutsogolo. Chimodzimodzinso wokweza crossover, malire a mawu opita ku sabuwufa, kufika pa 150 Hz: mawu a woyimba wamwamuna amayamba kutulukira kumbuyo kwa mipando.

Za mawati ndizinena mwachidule, chifukwa ndi pomwe ndalama za anthu zimatayika kwambiri. Manambala aakulu olembedwa pa katoni, a Max kapena PMPO, sanena mphamvu yomwe chipangizo chingapereke kwa nthawi yaitali. Nambala yoyenera kuyang'ana ndi ya RMS, ndipo ya amplifaya ifanane ndi ya sipika pa ma ohm omwe alumikizidwa. Magetsi onsewo amachokera ku alternator. Amplifaya ya mawati 500 RMS ikamagwira ntchito mwamphamvu imatha kukoka ma amp oposa 40, omwe ndi gawo lalikulu la zomwe alternator ya galimoto yaing'ono imapanga. Pa mzere wa magalimoto wa ku Mikocheni, injini ikungolira pamalo amodzi, choziziritsa m'galimoto chili choyatsa chifukwa cha kutentha kwa m'mbali mwa nyanja, nyali zimayamba kuphethira motsatira ng'oma ndipo batire limafa lisanakalambe. Apa ndi pomwe bokosi la bowo lili ndi ubwino weniweni, poti limatulutsa phokoso lalikulu ndi magetsi ochepa. Waya wochokera ku batire akhale wonenepa mokwanira ndipo fyuzi ikhale pafupi ndi batirelo, chifukwa waya wopanda fyuzi akakhudza chitsulo cha galimoto amayatsa moto.

Nyengo ya Dar es Salaam ili ndi mawu akenso pa nkhani ya matabwa. Mabokosi ambiri amapangidwa ndi MDF ya mamilimita 18, yomwe ndi yolemera ndipo sinjenjemera, koma imamwa chinyontho n'kufufuma. M'mvula ya March mpaka May, madzi akalowa m'buti, bokosi lopanda penti limatseguka m'ngodya, ndipo bokosi lotseka likayamba kudontha mpweya limataya ubwino wake wonse. Kulipaka vanishi m'kati ndi kunja, kapena kugwiritsa ntchito pulayiwudi yabwino, ndi ndalama yochepa poyerekeza ndi kugula lina. Limangidwenso molimba ku galimoto, chifukwa bokosi lolemera likamasuka pa ngozi limaulukira kwa okwera.

Sindingatseke maso pa nkhani ya phokoso, chifukwa Mikocheni ndi dera la nyumba za anthu, sukulu ndi zipatala monga cha Kairuki ndi cha TMJ. Tanzania ili ndi malamulo a mu 2015 oletsa phokoso lopyola muyezo, omwe bungwe loona za chilengedwe la NEMC limayang'anira, ndipo mawu a besi ndi omwe amadutsa m'makoma mosavuta kuposa ena onse. Makutu a woyendetsa nawonso ali ndi malire: bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapyole ma decibel 80 kwa maola 40 pa sabata, ndipo phokoso likakwera ndi ma decibel 3 okha, nthawi yotetezekayo imatsika ndi theka. Bokosi logwirizana ndi nyimbo limathandiza pamenepanso, poti besi ikamamveka bwino pa voliyumu yapakati, dzanja silithamangira kukweza.

Popita kwa mmisiri, tengani fulashi ya nyimbo zanu, osadalira zomwe iye wasankha, chifukwa wogulitsa aliyense amadziwa nyimbo yomwe imakometsa bokosi lake. Muikemo imodzi yothamanga kwambiri, ina ya besi ya gitala yoyenda, ina ya log drum, ndipo mumvere muli pa mpando wa dalaivala, zitseko zotseka, injini ikulira. Mufunseni kukula kwa bokosi m'malita, ndipo ngati ndi la bowo, akuuzeni mlingo womwe walichuna ndi mmene waupezera. Akapanda yankho la mafunso awiriwa, muuzeni apange lotseka motsatira kukula kolembedwa pa pepala la sipikayo.