Chifukwa chiyani ndege zing'onozing'ono zimagwa zitangonyamuka?

Pa 20 Ogasiti 2024, ndege yaing'ono ya mtundu wa Cessna 210 idagwera m'nyanja ya Malawi ku Nkhotakota, boma lomwe idanyamukira. Mwa anthu atatu, mmodzi yekha ndiye adapulumuka, atavuulidwa ndi asodzi.

Ambirife timaopa ndege ikakhala m'mitambo, koma mphindi zoyambirira n'zoopsa kwambiri, poti imakhala ikadali pafupi ndi nthaka ndipo liwiro lake n'lochepa.

Mapiko amanyamula ndege pokhapokha mpweya ukamawadutsa mwaliwiro. Kukatentha, ngati mu Okutobala, kapena bwalo likakhala pamalo okwera ngati la Kamuzu ku Lilongwe, mamita oposa 1,200, mpweya umapepuka, injini imafooka, ndege n'kumakanika kukwera. Katundu wopitirira muyeso kapena wounjikidwa kumbuyo amakulitsa vutoli, pomwe madzi olowa m'mafuta amatha kuzimitsa injini.

Injini ikazima, mtima wa woyendetsa umafuna kubwerera kubwalo. Koma akamakhota liwiro lili lochepa, mapiko amaleka kunyamula ndipo ndege imagwa chamutu. N'chifukwa chake amaphunzitsidwa kuweramitsa ndege n'kutera kutsogolo komweko, ngakhale m'munda.

China ndi chifunga. Ife a ku Chonde timaona chiperoni chikubisa phiri lonse la Mulanje, lotalika mamita 3,002. Woyendetsa akalowa m'chifunga chotere osazolowera kudalira zipangizo, sazindikira kuti ndege yapendekeka.

Zambiri mwa izi zimapeweka ndege isananyamuke: kuyeza katundu, kuunika mafuta, kuona nyengo. Woyendetsa akati tidikire, tisamukakamize.