Phunziro la Ulimi: Njoka ndi Ziweto pa Khomo Limodzi

Amayi ndi abambo, pa khomo pathu pali nkhuku, pali galu, pali mphaka. Ena mwa ife ali ndi nkhunda ndi akalulu. Nanga njoka? Kodi njoka ingakhale pafupi ndi ziweto zimenezi popanda ngozi? Inde ingakhale, koma pakati pawo pakhale chotchinga. Tiyeni tiwerenge pang'onopang'ono.

1. Alipo anthu oweta njoka

M'mizinda ya ku Ulaya, ku America ndi ku South Africa alipo anthu amene amaweta njoka m'nyumba. Saziweta kuti adye, ayi. Amangokonda kuziona, monga ena amakondera mbalame. Ochenjera amasankha njoka zopanda ululu. Ina ndi nsato yaing'ono imene ambiri amaitenga ku Ghana, Togo ndi Benin. Ikaopa imadzipinda ngati mpira. Ina ndi njoka yofiirira ya m'nyumba, imene tili nayo kuno kwathu. Kumadera ena amaitcha chakusa.

Ambiri mwa anthu amenewa ali ndi agalu ndi amphaka m'nyumba momwemo. Amatha bwanji? Tiyeni tione, chifukwa nzeru zawo zitithandiza nafenso.

2. Njoka si galu

Galu amadziwa mbuye wake. Ukamuitana amabwera. Njoka siitero. Ingazolowere kugwiridwa ndi munthu, koma siipalana ubwenzi ndi mphaka kapena nkhuku. Ikaona kanyama kakang'ono, imaona chakudya. Ikaona chinyama chachikulu, imaona mdani.

Choncho ngozi ili mbali ziwiri. Njoka ingameze mwanapiye, kamwana ka kalulu kapena mbalame. Nayenso mphaka angaphe njoka yaing'ono ndi zikhadabo zake, ndipo galu angaiphe poiluma kamodzi kokha.

3. Malamulo anayi a oweta njoka

Loyamba: njoka imakhala m'bokosi lake lagalasi kapena lamatabwa, lokhala ndi chivundikiro chokhoma bwino. Njoka ili ndi mphamvu zokankha chivundikiro chongoika. Pamene mutu wake wadutsa, nthawi zambiri thupi lonse limadutsa.

Lachiwiri: bokosi limakhala m'chipinda chimene galu ndi mphaka salowamo. Mphaka akamagona pamwamba pa bokosi, njoka imakhala ndi mantha, mwina n'kuleka kudya. Akafuna kuitulutsa, amayamba atsekera ziweto kunja.

Lachitatu: njoka imadya yokha, ziweto zili kutali. Yaikulu imadya kamodzi pa sabata, kapena kamodzi pa masabata awiri. Amaipatsa khoswe wakufa kale, chifukwa wamoyo angailume. Munthu amene wangogwira khoswe kapena mwanapiye sapisa dzanja m'bokosi. Njoka imatsata fungo, ndipo ingayese chala chake ndi chakudya.

Lachinayi: akagwira njoka kapena kutsuka bokosi, amasamba m'manja ndi sopo. M'ndowe za njoka mumakhala tizilombo totchedwa Salmonella, timene timatsegula m'mimba. Timavutitsa kwambiri ana aang'ono ndi okalamba.

Mwaona, anzathu? Palibe matsenga apa. Pali bokosi, chitseko ndi sopo.

4. Mlonda wa nkhokwe

Ife sitikunena kuti mukagwire njoka kutchire ndi kuiika m'bokosi. Ayi ndithu. Kuli kanjoka kakuda, kakang'ono, kamene kamakhala m'nthaka ndipo kamatuluka mvula ikagwa. Kamaoneka kofatsa, koma kali ndi ululu. Kamabaya cham'mbali ngakhale munthu atakagwira pakhosi. Anthu ambiri alumidwa poyesa kukanyamula. Lamulo lathu ndi ili: njoka sitigwira ndi manja.

Koma chakusa uja amadzibweretsa yekha. Amabwera kunkhokwe chifukwa kuli makoswe. Alibe ululu. Amagwira khoswe ndi mano, n'kumukulunga mpaka kufa. Amalowa ngakhale m'una, mmene mphaka sangafike, n'kudya ana a makoswe.

Timamudziwa bwanji? Thupi lake ndi lofiirira ndi losalala, lowala ngati lapakidwa mafuta. Kumimba ndi koyera. M'mbali mwa mutu muli timizere tiwiri toyera, kamodzi kodutsa pamwamba pa diso. Kutalika kwake nthawi zambiri sikupitirira mita imodzi. Amayenda usiku.

Chimanga chimene tinalima ndi thukuta chisathere makoswe. Tikamuona chakusa kunkhokwe, timusiye agwire ntchito yake. Ngati sitikudziwa kuti ndi njoka yanji, tiime patali, tichotse ana ndi galu, tiipatse njira ipite.

5. Njoka zoopsa

Mphiri ndi yaifupi ndi yonenepa, ya mutu waukulu. Siithawa. Imagona phee m'njira kapena m'masamba ouma. Galu akainunkhiza, imamuluma kumaso kapena pakhosi, ndipo pamatupa kwambiri.

Njoka yolavula imaimika mutu ndi kutambasula khosi. Imalavula ululu kulunjika m'maso, ndipo malovu ake amafika mamita 2 kapena kuposerapo. Imakonda achule, mazira ndi anapiye. Usiku imalowa m'nyumba, mwina n'kuluma munthu ali mtulo. Njoka imeneyi ndi yathu ndithu. Mu 1854 katswiri wa ku Germany, Wilhelm Peters, analemba za iyo atapeza zina ku Tete ndi ku Sena. M'mabuku dzina lake ndi Naja mossambica.

Mamba ndi yaitali ndi yaliwiro. Ululu wake umalepheretsa munthu kupuma.

Nsato ya kuno ilibe ululu, koma imakula kwambiri. Imameza nkhuku, galu wamng'ono, ngakhale mwana wa mbuzi.

6. Chotchinga chathu

Oweta njoka amatsekera njoka m'bokosi. Ife sitingatsekere njoka zonse za m'tchire. Choncho titsekere ziweto zathu.

Khola la nkhuku likhale la m'mwamba, pa mitengo. Timate ming'alu ndi dothi. Ngati tili ndi waya, akhale wa mabowo ang'onoang'ono, oti chala sichilowa. Madzulo titseke chitseko.

Mazira titole tsiku ndi tsiku. Thadzi la anapiye ligone m'malo otsekeka.

Khola likhale kutali ndi nkhokwe. Gaga ndi madeya zisagone pansi usiku. Zimenezi zimaitana makoswe, ndipo makoswe amaitana njoka. Miyendo ya nkhokwe tiiveke malata opinda ngati chipewa, kuti makoswe asakwere.

Tilambule udzu kuzungulira nyumba ndi makola. Mulu wa nkhuni, wa njerwa kapena wa zinyalala ukhale patali. Musataye ndalama kuthira palafini kapena mafuta pakhomo. Sizithamangitsa njoka. Khasu ndi tsache ndizo zimathandiza.

Galu akauwa malo amodzi osasuntha, musapite chimanjamanja mumdima. Tengani tochi, valani nsapato, muitaneni galu abwere kwa inu.  Kunyumba tigone m'masikito, ndipo titseke mpata wa pansi pa chitseko.

7. Ngozi ikachitika

Njoka ikalavulira munthu kapena galu m'maso, tsukani maso msanga ndi madzi ambiri oyera kwa mphindi 15 kapena 20. Asatikite m'maso. Kenako munthu apite kuchipatala.

Ikaluma munthu, akhale chete, asathamange. Muvuleni mphete ndi zibangili malo asanatupe. Munyamuleni kupita naye kuchipatala nthawi yomweyo. Musateme pabala. Musayamwe. Musamange ndi chingwe kapena mphira, chifukwa mwendo ungaole. Musachedwe ndi kusaka njoka. Kuchipatala n'kumene amapereka mankhwala othetsa ululu.

Ikaluma galu kapena mbuzi, igonekeni pamthunzi, isayende, ndipo itanani a zaziweto.

Nkhani imeneyi si yaing'ono. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati anthu pakati pa 81,000 ndi 138,000 amafa chaka chilichonse chifukwa cholumidwa ndi njoka. Ambiri ndi alimi ngati ife. Mu 2019 bungweli linakhazikitsa ndondomeko yoti imfa ndi kulumala kotere zichepe ndi theka pofika 2030.

Mafunso okambirana pa gulu

1. N'chifukwa chiyani oweta njoka salola mphaka kulowa m'chipinda cha njoka?
2. Chakusa timamudziwa ndi zizindikiro ziti?
3. N'chiyani chimaitana njoka pa khomo?
4. Tchulani zinthu zitatu zimene sitichita munthu akalumidwa.

Ntchito ya sabata ino

Lembani m'kope mawu awa: njoka, khola, nkhokwe, khoswe, chipatala. Loweruka tiyendere limodzi makola a mamembala a kooperativa ndi nkhokwe ya gulu. Aliyense abwere ndi khasu. Tiwerenge mabowo amene tapeza, tilembe nambala yake, ndipo tiwamate dzuwa lisanalowe.