Kamwana Kovina M'mbale

Ndagi! Eya, ndamva mwayankha kuti gize. Nayi ndagi yanga ya lero: kamwana kanga kamabadwira m'madzi otentha, kamakulira pozizira, ndipo ukakagwedeza pang'ono kamavina kokha. N'chiyani chimenecho? Ganizani kaye, musafulumire kuyang'ana m'munsimu. Mwalephera? Ndi jeli, ana anga! Uja wofiira kapena wobiriwira amene amanjenjemera m'mbale pa Khirisimasi kapena pa phwando la tsiku lobadwa. Lero ine azakhali anu ndikufuna tipange jeli wamtundu wina. Ameneyu ndi wofewa, wonona, ndipo ali ndi zomanga thupi zambiri. Timuthira yogati.

Koma tiyambe tadabwa kaye. Kodi madzi angathe kuima okha? Yesani. Thirani madzi pang'ono pa thebulo, muwauze kuti aime. Samva! Amangoyenderera mpaka pansi. Tsono taonani jeli. Mbali yake yaikulu ndi madzi omwewo. Koma mukhoza kumudula ndi supuni. Mukhoza kumugadabuza m'mbale, iye n'kukhala chiimire, akugwedezeka. Amene wagwira madziwo ndi kaufa kena kotchedwa jelatini.

Nanga jelatini amachokera kuti? Yankho lake mwina munaliona kale kukhitchini kwanu. Kodi amayi anaphikapo mang'ina kapena zipalapasiro za nkhuku madzulo a mwezi wa Juni? Ngati msuzi unatsala mu mphika, m'mawa munaupeza uli bwanji? Unagwirana, eti? Unali kunjenjemera. Ameneyo ndiye jelatini weniweni. Amakhala m'zikopa, m'mafupa ndi m'mitsempha ya nyama. Zinthu zimenezi zikawira nthawi yaitali, iye amatuluka n'kulowa m'madzi. Ku fakitale amachita zomwezo ndi zikopa komanso mafupa a ng'ombe, nkhumba kapena nsomba. Amasefa bwinobwino mpaka fungo lonse la nyama litatha. Kenako amaumitsa n'kupera kukhala ufa. Musachite tsinya, ana inu! Mang'ina aja mumanyambita nawo zala.

Kodi kaufa kameneka kamagwira bwanji madzi? Tsinzinani pang'ono, muganizire ukonde wa asodzi a kunyanja. Asodzi akaukoka, nsomba zimatsalira koma madzi amapulumuka, chifukwa maso a ukondewo ndi aakulu. Jelatini naye ndi timaulusi tating'ono kwambiri, tosaoneka ndi maso. M'madzi otentha timaulusi timeneti timasambira patokhapatokha. Madzi akayamba kuzizira, timayamba kukolana. Aka kagwira ako, ako kagwira kena. Pomaliza timapanga ukonde wa maso ang'onong'ono zedi. Ukonde umenewu sugwira usipa kapena chambo. Umagwira madzi enieniwo! Mukagwedeza mbale, ukonde wonse umagwedezeka pamodzi ndi madzi ake. Kuvina kuja n'kumeneko.

Kodi ana akale ankadya jeli ngati inu? Ambiri ayi. Kale ku Ulaya, wophika ankawiritsa mapazi a ana a ng'ombe kwa maola ambiri, kusefa, kudikira, kusefanso. Inali ntchito yotopetsa, choncho jeli ankapezeka kwambiri m'nyumba za anthu olemera. M'chaka cha 1845, bambo wina wa ku New York, Peter Cooper, analembetsa kuboma njira yake yopangira jeli wa ufa. Kenako mu 1897, kalipentala wina dzina lake Pearle Wait, wa m'katauni ka LeRoy ku America komweko, anathira kukoma kwa zipatso mu ufa wa jelatini. Mkazi wake May anautcha ufawo Jell-O. Malonda sanamuyendere bambo Wait, ndipo mu 1899 anagulitsa bizinesi yonse pa mtengo wa madola 450. Amene anagulayo ndiye analemera nayo. Tengani pensulo tsopano. Kuchokera mu 1897 kufika chaka chino, papita zaka zingati?

Tsopano tipite kwa mnzake wa jeli. Kodi yogati n'chiyani? Ndi mkaka umene wasinthidwa ndi tizamoyo tating'ono totchedwa mabakiteriya. Si mabakiteriya onse amene amadwalitsa anthu. Awa ndi abwino. Amadya shuga wa mu mkaka, n'kusiyamo kuwawasa. Kuwawasako kumachititsa mkaka kulimba. Ngati munamwapo chambiko, ndiye kuti munakumana kale ndi m'bale wake wa yogati.

Nanga bwanji osangothira yogati wa m'sitolo mu jeli, basi? Zikhoza kutheka, koma yogati wamba ali ndi madzi ambiri. Jeli wake sanona kwenikweni. Ife tikufuna wonona, woti supuni ikalowa izisiya njira. Choncho tiyamba tachotsa madzi ena mu yogatiyo. Anthu a m'maiko ambiri amachita zimenezi kuyambira kalekale. Ku Greece amadya yogati wosefa atathiramo uchi. Ku Lebanon amamutcha labneh, ndipo amadyera buledi m'mawa atadonthezapo mafuta a maolivi. Ku India amamangirira yogati m'nsalu, kuipachika, kenako n'kuthiramo shuga kupanga chakudya chotsekemera chotchedwa shrikhand. Akamapanga kunyumba, onsewa sagwiritsa ntchito makina. Nsalu basi.

Kodi inunso mungathe? Kwambiri! Yambani ndi kusamba m'manja ndi sopo. Pezani sefa, mbale yakuya, ndi kansalu koyera kopyapyala kochapidwa bwino. Ikani sefa pamwamba pa mbale. Yalani kansalu mu sefamo. Thiranimo makapu 2 a yogati wopanda shuga ndi wopanda zipatso. Vindikirani, muike zonse mu furiji. Musanatseke chitseko, suzumirani pansi pa sefa. Mukuona chiyani? Dontho limodzi likulendewera. Lagwa! Lina likubwera. Werengani madontho amene agwe mu mphindi imodzi, mulembe nambalayo. Pakatha maola 2 mukawerengenso. Mudzapeza kuti ayamba ulesi, akugwa mwa apo ndi apo. Asiyeni agwe usiku wonse, inu mukagone.

M'mawa mudzapeza chiyani? Zinthu ziwiri. M'mbale muja mudzakhala madzi achikasu pang'ono, owawasa. Pa nsalu padzatsala yogati wolimba, woyera mbee. Muyezeni ndi kapu. Munathira makapu 2, koma watsala pafupifupi kapu imodzi. Imikani supuni pakati pake, muone ngati igwe msanga. Madzi achikasuwo musataye ayi. Apatseni amayi akandire ufa wa mandasi kapena wa chigumu.

Kodi zomanga thupi zapita ndi madzi aja? Zochepa chabe. Zambiri zatsalira pa nsalu, ndipo tsopano zathithikana pamalo ochepa. Tiyeni tiwerengere limodzi. Mu magalamu 100 a yogati wamba muli zomanga thupi pafupifupi magalamu 4. Yogati akasefedwa bwino, nambala imeneyi imafika pa 8 kapena kupitirira apo. Ndiye kuti kapu yathu imodzi ija ili ndi magalamu pafupifupi 20. Dzira limodzi la nkhuku lili ndi magalamu pafupifupi 6. Funso langa nali: mungadye mazira angati kuti mufike pa 20? Werengani ndi zala: 6, 12, 18. Mazira atatu, ndi kachidutswa ka lachinayi! Zomanga thupi ndi zija aphunzitsi amanena kuti zimakulitsa minofu ndi kuthandiza bala kupola. Zili mu nyemba, mtedza, usipa, mazira, ndi mu mkakanso.

Nanga jeli wa m'paketi yekha sangamange thupi? Apa ndikuuzeni zoona, poti ndine azakhali anu. Jelatini nayenso ali m'gulu la zomanga thupi, koma m'paketi muja alimo wochepa. Mbali yaikulu ya ufa uja ndi shuga. Jeli wabwera ndi mtundu wokongola, kutsekemera ndi kuvina. Mwini ntchito yomanga thupi ndi yogati. N'chifukwa chake sitiwonjezeranso shuga wina, ngakhale mundichonderere bwanji.

Tsono tiziphatikiza bwanji ziwirizi? Apa pakufunika munthu wamkulu, chifukwa pali madzi owira. Itanani amayi, abambo kapena achemwali anu aakulu. Khuthulirani paketi imodzi ya jeli m'mbale. Wamkuluyo athiremo kapu imodzi ya madzi owira. Inu takasani ndi foloko pang'onopang'ono, mpaka timchenga tonse ta ufa titasungunuka. Yang'anani pansi pa mbale, pasatsale kanthu. Pa paketi nthawi zambiri pamalembedwa kuti muthirenso madzi ozizira. Ife madzi amenewo sitithira. Malo ake atenga yogati wathu. Mwaona nzeru yake? Dzulo tinathamangitsa madzi mu yogati. Lero yogati walanda malo a madzi mu jeli.

Kodi tithire yogatiyo pompano? Ayi, dikirani! Apa ndi pamene ana ambiri amagwa mphwayi, ndipo ndi pofunika kuposa pena paliponse. Yogati sagwirizana ndi kutentha kwambiri. Mukamuthira m'madzi owira amaduka, n'kupanga timibulu. Mabakiteriya abwino aja nawonso amafa. Siyani mbaleyo pa thebulo kwa mphindi 15 kapena 20. Imbani nyimbo, sesani pakhonde, tsukani foloko. Kenako gwirani kunja kwa mbale. Ikakhala yofunda chabe, yosaotcha dzanja, nthawi yakwana. Musachedwenso kwambiri, kuopa kuti jeli angayambe kugwirana yekha asanakumane ndi mnzake.

Ndiye tithire yense nthawi imodzi? Bwino kuthira pang'onopang'ono. Supuni imodzi, takasani. Supuni yachiwiri, takasani. Apa penyetsetsani, chifukwa ndi pokongola zedi. Ngati jeli wanu anali wofiira, mizere yoyera iyamba kuzungulira mkati mwake. Ikuzungulira, ikuzungulira, kenako yasowa. Kufiira kuja kwasanduka pinki! Wachikasu amasanduka wotuwirako. Nanga wobiriwira asanduka wotani? Lotani kaye, kenako mudzayese tsiku lina. Yogati yense akalowa, takasani mwamphamvu mpaka pamwamba pachite thovu. Thirani m'timakapu 4, muike mu furiji kwa maola 4. Ngati kwanu kulibe furiji, pemphani malo kwa aneba mwaulemu, ndipo kapu imodzi ikhale yawo.

Maola 4 atha. Mudziwa bwanji kuti wapsa, poti sanapite pamoto? Pendeketsani kapu pang'ono. Akapanda kuyenderera, ndiye kuti watheka. Dulirani nthochi pamwamba, kapena masitiroberi ngati muli kufupi ndi phiri la Zomba. Tsopano tapani supuni imodzi. Musatafune! Ingoikani pa lilime, mutseke pakamwa, muwerenge chamumtima mpaka 10. Chachitika n'chiyani? Wasungunuka yekha. Ukonde wa jelatini umamasuka kutentha kukafika pa madigiri pafupifupi 35. Thupi lanu limatentha madigiri 37. Choncho m'kamwa mwanu muli kutentha kokwanira ndendende kumasula ukondewo. Madzi onse okoma amene anagwidwa aja amamasulidwa pa lilime panu. Pa chifukwa chomwechi, jeli musamusiye padzuwa la mu Okutobala.

Kodi mnzanu aliyense angadye nawo? Funsani kaye musanagawe. Kumbukirani kuti jelatini wina amachokera ku nkhumba. Anzathu achisilamu ndi a mipingo ina sadya nkhumba. Pogula, werengani paketi, muone ngati pali chizindikiro cha halaal. Palinso ufa wina wotchedwa agar, wopangidwa kuchokera ku zomera za m'nyanja ya mchere. Anthu a ku Japan akhala akuugwiritsa ntchito kwa zaka mazana angapo. Nawonso umagwira madzi, koma susungunuka pa lilime. Umenewo umafuna kutafuna.

Kodi pali chipatso chimene jeli amachiopa? Chilipo, ndipo ndi chinanazi chosaphika. Muli chinthu china m'chinanazi chimene chimadula timaulusi ta jelatini tisanakolane. Chinthu chomwecho n'chimene chimakuyabwitsani lilime mukadya chinanazi chambiri. Papaya nayenso ali ndi khalidwe lomweli, n'chifukwa chake anthu ena amakulunga nyama yolimba m'masamba a papaya kuti ifewe. Koma chinanazi chikaphikidwa, mphamvu imeneyi imatha.

Simukundikhulupirira? Bwino kwambiri, yesani nokha! Tsiku lopanga jeli, patulani timakapu tiwiri ta jeli amene sanalimbe. Mu koyamba ikanimo tizidutswa ta chinanazi chosaphika. Mu kachiwiri ikanimo tizidutswa timene wamkulu wawiritsa kwa mphindi 5 ndipo tazizira. Lembani 1 ndi 2 pa timapepala, mumate pa makapuwo kuti musasokoneze. Musanaike mu furiji, funsani aliyense m'nyumba kuti alote kapu imene ilimbe, ndipo mulembe mayankho awo. Agogo nawonso afunsidwe. M'mawa pendeketsani makapu onse awiri pamaso pa onse, koma pansi pa kapu yoyambayo mutchingirepo mbale. Wa mu kapu yachiwiri mudye ndi supuni. Wa mu kapu yoyamba musataye, ngakhale akane kuvina. Ameneyo ndi wakumwa, ndipo amwe ndi amene analota molakwa.