Chigubu cha Mankhwala Chikatha, Ndi cha Yani?

Anzathu a m'koperativa, chaka ndi chaka timagula mankhwala opopera thonje, fodya ndi mbatatesi. Mankhwala akatha, chigubu chimatsala. Ena amachitaya kudambo. Ena amachitentha. Enanso amatungiramo madzi kapena kusungiramo mafuta ophikira. Apa mpamene pali ngozi. Poizoni amakanirira m'chigubu, ngakhale chioneke choyera.

Tsono tifunsane: kodi chigubuchi ndi mtolo wa mlimi yekha? Iyayi. Wopanga mankhwala ndi wogulitsa anapezapo phindu. Iwonso ayenera kusenza nawo.

Tione mmene anachitira ku Brazil, dziko la alimi ambiri, lolankhula Chipwitikizi. Mu 2000 boma la kumeneko linaika lamulo logawa ntchitoyi. Mlimi atsuke chigubu ndi kuchibweza chisanathe chaka. Wogulitsa alembe pa lisiti malo obwezerako. Wopanga atenge zigubuzo ndi kulipira ulendo wake. Boma liziyendera ndi kuphunzitsa. Mu 2001 makampani opanga mankhwala anakhazikitsa bungwe lawo lotchedwa inpEV loti ligwire ntchitoyi. Zotsatira zake: pa zigubu 100 za pulasitiki, zoposa 90 zimabwerera. Zotsukidwa bwino amazisungunula n'kupanga zinthu monga mapaipi odutsamo mawaya a magetsi. Zosatheka kutsuka amaziwotcha m'ng'anjo zapadera.

N'chifukwa chiyani zinatheka? Chifukwa aliyense anadziwa gawo lake, ndipo mlimi anauzidwa kopita nacho chigubu.

Kuno kwathu ku Mozambique, mu 2017 boma linatulutsa lamulo nambala 79/2017. Lamuloli linaika udindo wa zinyalala pa amene amapanga kapena kuitanitsa kunja zolongedzeramo katundu. Ganizo lake ndi labwino. Koma lamulo la papepala silinyamula chigubu. Mlimi wa ku Angónia kapena ku Macanga afunika malo apafupi obwezerako. Popanda malo otere, chigubu chidzabwerera kuchitsime.

Nanga gawo lathu ndi liti?

1. Mankhwala akangotha, thirani madzi m'chigubu mpaka gawo limodzi mwa magawo 4.
2. Tsekani, khutchumulani kwa masekondi 30.
3. Khuthulirani madziwo m'pampu yopopera, osati pansi kapena mumtsinje.
4. Chitani zimenezi katatu.
5. Boolani chigubu kunsi kuti wina asachigwiritsenso ntchito.
6. Sungani zigubu zonse pamodzi m'nyumba yokiya, kutali ndi ana, ziweto ndi chimanga.

Mlimi mmodzi akabweza chigubu chimodzi, wogulitsa angathe kumukana. Koma koperativa yogula mankhwala ambiri ili ndi mawu. Tsopano tikudziwa kuwerenga ndi kulemba. Mlembi alembe m'kaundula zigubu zimene zalowa ndi zimene zatha. Tisanalipire, tifunse wogulitsa: "Kodi zigubu zikatha, mudzazitenga liti? Tilembereni pa lisiti."

Tikambirane:
Kodi nyengo yathayi tinagula zigubu zingati?
Nanga zigubuzo zili kuti lero?